Glezi wa ufa: mafunso ndi mayankho kwa oumba a ku Kasungu ndi Mchinji

Ambiri mwa ife tinaphunzira kuumba kwa amayi kapena agogo athu: kutapa dongo kudambo, kulisinja, kulikanda, kuumba, kukulungiza ndi nsangalabwi, kenako kuotcha pabwalo ndi nkhuni ndi udzu. Glezi ndi mlendo pa ntchito imeneyi. Amabwera m'thumba ali ufa wotuwa, zolemba zake zili m'Chingerezi, ndipo kawirikawiri amene wakugulitsaniyo sanaumbepo ngakhale kambale. Mafunso otsatirawa ndi amene oumba anzathu a kuno ku Kasungu ndi a ku Mchinji amatifunsa akayamba kugwira ufa umenewu.

Kodi glezi ndi penti wa mbale?

Ayi ndithu. Penti amauma ndi mphepo, pomwe glezi amapsa ndi moto. Glezi ndi galasi lopyapyala lomwe limapangikira pa chiwiya chenichenicho m'kati mwa ng'anjo.

Mu ufawo muli magulu atatu a zinthu. Choyamba ndi silica, yemwe amapezeka mu mchenga woyera ndi m'miyala ya nsangalabwi. Iyeyu ndiye galasi lenilenilo, koma payekha amasungunuka moto ukapitirira madigiri 1,700, kutentha komwe ng'anjo zathu sizifika. N'chifukwa chake amamuphatikiza ndi zomusungunula msanga, monga mwala wopera wotchedwa feldspar, mwala wa laimu wopera, phulusa, kapena galasi lopera kale ku fakitale lomwe pathumba amalilemba kuti frit. Chachitatu ndi alumina wochokera m'dongo loyera la kaolin, amene amagwira galasi losungunukalo kuti lisayenderere pansi.

Madzi alibe gawo m'galasimo. Ntchito yawo ndi kunyamula ufa, kuufikitsa pa kapu, n'kuuma. Musakhulupirirenso mtundu umene mukuuona m'ndowa: wotuwa atha kutuluka wobiriwira, wofiirira atha kutuluka wakuda bii.

Ndingapake glezi pa mbiya zanga n'kuziotcha pabwalo monga tichitira kumudzi?

Funso ili ndiye limabwera koposa onse, ndipo yankho lake limakhumudwitsa ambiri. Sizingatheke. Moto wa pabwalo wa nkhuni, udzu ndi mapesi umafika pakati pa madigiri 600 ndi 900, ndipo sukhalitsa pamenepo. Glezi wosachedwa kusungunuka amafuna madigiri 1,000 kapena kupitirira, ndiponso amafuna kuti motowo ukwere pang'onopang'ono kwa maola ambiri, n'kutsikanso pang'onopang'ono. Mukamuotcha pabwalo amatuluka ali ufa womwewo, wongopserera, wopukutika ndi chala. Phulusa ndi makala zimamatiriranso pamwamba.

Pafunika ng'anjo yotseka, kaya yamagetsi, yagasi, kapena yankhuni yokhala ndi chumuni chokoka bwino ndi njerwa zopirira moto. Ng'anjo yootchera njerwa zomangira nyumba siyenera: mbali ina imapsa kwambiri, ina imatsala yaiwisi.

Koma musaganize kuti moto waukulu ndi wachilendo kuno. M'nkhalango ya Kasungu National Park mukadali zotsala za ng'anjo zomwe makolo ankasungunuliramo miyala yachitsulo. Anthu amene ankapeza chitsulo kuchokera m'mwala pogwiritsa ntchito makala ndi mphepo ankadziwa kuumba ng'anjo yosunga moto. Luso limenelo ndi lomwe woumba wa lero akusowa, osati ufa wa m'thumba.

Ndinenenso maganizo anga pa mbiya ndi mitsuko. Ngakhale mutapeza ng'anjo, mtsuko wa madzi akumwa musaupake glezi. Umaziziritsa madzi chifukwa umachita thukuta, madzi pang'ono amadutsa m'dongo n'kuuluka ndi mphepo. Mukautseka ndi galasi, madzi a mu Okutobala adzakhala ofunda. Nkhali yophikira nyemba nayonso isiyeni momwe iliri, chifukwa ziwiya zambiri zaglezi zimang'aluka zikakhala pamafuwa. Glezi ndi wa makapu, mbale, mabakuli, miphika ya maluwa ndi matailosi.

Pathumba palembedwa cone 6, pa lina cone 06. Si chimodzimodzi?

Ziro ameneyo wawonongetsa katundu wa anthu ambiri. Cone ndi kachidutswa kosongoka kamene timaika m'ng'anjo, ndipo kamawerama moto ukafika pa mlingo wake. Manambala oyamba ndi ziro ndi a moto wochepa: cone 06 ndi pafupifupi madigiri 1,000, cone 04 pafupifupi 1,060. Opanda ziro ndi a moto waukulu: cone 6 pafupifupi 1,220, cone 10 pafupifupi 1,280.

Glezi wa cone 06 mukamuotcha pa cone 6, amayenderera mpaka kumata kapu ku shelefu. Wa cone 6 mukamuotcha pa cone 06, amatuluka wokhakhala, wosapsa.

Dongo nalonso lili ndi malire ake. Dongo lofiira la m'madambo mwathu lili ndi chitsulo chambiri, ndipo lambiri limatupa kapena kusungunuka kumene likafika pa moto wa cone 6. Musanagule thumba lililonse, umbani kachidutswa ka dongo lanu, kaikeni m'kambale ka dongo lopirira moto, mukaotche pa moto umene mukufunawo, muone ngati kalimba.

Choyamba kulowa m'ndowa n'chiyani, madzi kapena ufa?

Madzi. Mukayamba ndi ufa, wina umatsala wouma m'mphepete mwa ndowa pansi, ndipo mibulu yake imavuta kuphwanya.

Pa kilogalamu imodzi ya ufa yambani ndi mamililita 800 a madzi. Maglezi ambiri oviika, aja oviikamo chiwiya m'ndowa, amathera pafupi ndi lita imodzi pa kilogalamu, koma kuwonjezera madzi n'kosavuta kusiyana ndi kuwachotsa. Ngati pathumba alembapo mlingo wawo, tsatirani umenewo.

Valani masiki. Tapani ufa ndi kapu n'kumautsitsira pafupi ndi madzi, osaukhuthula kuchokera m'mwamba. Ukatha, musafulumire kutakasa. Vindikirani ndowa, ufa umire wokha kwa theka la ola, ndipo ngati simuli pa changu usiyeni ugone usiku wonse. Mmawa mudzapeza wafewa, mthiko ukuyenda mosavuta. Mthikowo ndi ndowayo zikhale za glezi basi, zisabwererenso kukhitchini.

Chinthu china chimene anthu amachiphonya: m'thumba lomwe layenda ulendo wautali pa galimoto, zolemera zimatsikira pansi, zopepuka zimatsala pamwamba. Mukangotapa theka la pamwamba, mwatapa glezi wosakwanira. Sungunulani thumba lonse nthawi imodzi, kapena litsekeni bwino n'kuligubuduza kambirimbiri musanatape.

Kuti muviike kapu yonse momasuka mufunika glezi wokwanira. Makilogalamu 5 a ufa ndi malita 5 a madzi amapereka pafupifupi malita 7.

Ndidziwa bwanji kuti madzi akwana?

Ndi maso, glezi woviika amakhala ngati thobwa losefa bwino, losalimba. Mukaviika chala chouma n'kuchitulutsa, chimakutidwa koma mizere ya pakhungu ndi m'mphepete mwa chikhadabo zimaonekabe. Maso okha koma amanamiza, makamaka mukasintha mtundu wa glezi.

Njira yodalirika ndi sikelo. Pezani sikelo ya digito yoyeza magalamu ndi sirinji yaikulu kapena kabotolo kamene mwalemba mzere pa mamililita 100. Yezani kabotolo kopanda kanthu, bwezani sikelo pa ziro. Takasani glezi mpaka pansi, thirani kufika pa mzere, muyeze. Madzi okha akanalemera magalamu 100. Glezi woviika wabwino amalemera pakati pa magalamu 140 ndi 150. Akapitirira, wonjezerani madzi pang'onopang'ono. Akachepera, musiyeni adikhe usiku, mmawa mutape madzi oyera a pamwamba.

Mukapeza nambala imene yakupatsani kapu yokongola, ilembeni pa ndowa ndi m'kope. Tsiku lililonse loviika muziyezanso. Kuno kwathu, kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, ndowa yosavindikira bwino imataya madzi msanga, ndipo glezi amene anali pa 145 sabata yatha mumupeza ali pa 155. Woumba amene sayeza amadabwa kuti makapu a mwezi uno ayenderera pomwe ufa ndi womwewo.

Sefa ya ufa wa nsima ingagwire ntchito?

Ingathandize kuchotsa mibulu ikuluikulu, koma maso ake ndi aakulu. Glezi amafuna sefa ya 80 mesh, kutanthauza timabowo 80 pa inchi imodzi. Ikani timitengo tiwiri pakamwa pa ndowa ina, khazikani sefa, thirani glezi n'kumamukankha ndi burashi yolimba. Sefani kawiri. Zotsalira pa sefa zitikiteni mpaka zidutse, chifukwa nthawi zambiri zimenezo ndi mbali ya glezi yemweyo. Tayani timiyala ndi zinyalala zokha.

Mukalephera kupeza sefa yotere, nsalu yopyapyala ya nayiloni yomangidwa pa ndowa yodula pansi imathandizako.

Madzi a pa mjigo ali bwino?

Kawirikawiri inde. Koma mijigo ina ili ndi madzi a mchere, aja osachita thovu msanga pochapa, ndipo amasintha kalimbidwe ka glezi m'ndowa. Madzi a mvula osefa ndiwo abwino koposa. Chachikulu, madzi amene munayesera ndi omwewo muzigwiritsa ntchito nthawi zonse.

Glezi wanga wauma gwa pansi pa ndowa, mthiko sukulowa. Ndimutaye?

Musataye. Zimachitika ndi glezi wokhala ndi dongo lochepa, makamaka wa frit wambiri. Tsanulirani madzi a pamwamba m'chidebe china, kumbani cholimbacho ndi supuni yakale kapena mpeni, chiphwanyeni m'tizidutswa, bwezerani madzi aja pang'onopang'ono, mutakase, musefenso.

Kuti zisabwerezeke pali mankhwala awiri. Loyamba ndi bentonite, dongo lotupa kwambiri m'madzi: magalamu 10 mpaka 20 pa kilogalamu ya ufa. Musamuthire mwachindunji m'ndowa yamadzi, amapanga mibulu yoterera yosaphwanyika. Msakanizeni ndi ufa wouma, kapena munyikeni payekha m'madzi otentha agone. Lachiwiri ndi mchere wa Epsom womwe umapezeka m'mafamase. Usungunuleni m'madzi ofunda mpaka wina utsale pansi, kenako muzithira madziwo supuni yaing'ono imodzi imodzi mukutakasa. Mudzaona glezi akukhuthala pang'ono, ndipo mukachotsa mthiko amaima msanga m'malo mozungulirabe. Pamenepo lekani. Mukapyoza, amalimba mopitirira n'kuyamba kung'aluka pouma.

N'chifukwa chiyani mumati tiotche kawiri? Nkhuni ndi magetsi zakwera mtengo.

Zakweradi, ndipo alipo oumba amene amapaka glezi pa chiwiya chosaotcha n'kuotcha kamodzi. Koma zimafuna glezi wa dongo lambiri ndi dzanja lozolowera, chifukwa chiwiya chaiwisi chikamwa madzi chimafewa, chogwirira cha kapu n'kuthothoka. Kwa woyamba kumene, zosweka zimadya ndalama zoposa za moto wachiwiriwo.

Kuotcha koyamba, chiwiya chisanapakidwe glezi, kumafika pa madigiri 900 mpaka 1,000. Chiwiya chimalimba koma chimamwabe madzi. Mukachigunditsa ku lilime chimakakamira pang'ono. Kumwa madzi kumeneku ndiko kumakoka ufa kuti umatirire. Moto woyambawu umatulutsanso mpweya wa zinyalala za m'dongo, umene ukanaboola glezi pambuyo pake.

Musanapake, pukutani chiwiya ndi siponji yonyowa pang'ono, chiume. Sambani m'manja ndi sopo. Mafuta odzola ndi mdani wa glezi: pamene chala cha mafuta chagwira, glezi amathawapo.

Kuviika, kuthira kapena burashi: chabwino n'chiti?

Kuviika ndiko kumapereka glezi wofanana paliponse. Tiyeni titenge kapu ya tiyi. Takasani ndowa mpaka mthiko ukhudze pansi posapeza nsenga. Yambani ndi m'kati: thirani glezi kufika pafupi ndi mlomo, zungulizani kapu m'dzanja uku mukukhuthulira m'ndowa, kuti glezi adutse mlomo wonse. Zonsezi zisapitirire masekondi atatu. Dikirani kunyezimira kwa madzi kuzimirire. Tsopano gwirani kapu cha kumatako, mozondotsa, muyitsitse m'ndowa molunjika. Mpweya wotsekeredwa m'kati umaletsa glezi kulowanso. Werengani "wani, thu, fili", tulutsani, igwedezeni kamodzi kuti dontho la pamlomo ligwe, mukhale mwaigwira chozondoka mpaka italeka kunyezimira. Mudzaona mtundu ukusintha kuchoka ku wonyowa kupita ku wotuwa, kuyambira mokhuthala dongo kupita mopyapyala. Pamene panali zala donthezanipo glezi ndi burashi.

Ngati kapu ndi yopyapyala, m'kati mukathira iyembekezeni maola angapo, apo ayi mawa lake, musanaviike kunja. Dongo lokhuta madzi silikokanso ufa. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, komanso nthawi ya dzinja, kuuma kumachedwa.

Kuthira ndi kwa ziwiya zazikulu zosalowa m'ndowa. Khazikani mbale pa timitengo pamwamba pa beseni, thirani ndi jagi mukuzungulira osaima. Pokumana mathiridwe awiri pamakhala pokhuthala, ndipo pamadzaoneka pambuyo pa moto. Oumba ena amakonda mizere imeneyo, inenso ndimaikonda pa mabakuli akuluakulu.

Burashi imapulumutsa mukakhala ndi glezi wochepa, koma glezi woviika sayenda bwino ndi burashi: amauma burashi isanafike pakati. Amafuna kumuthira guluu wa CMC pang'ono kuti achedwe kuuma. Pakani katatu, ulendo uliwonse mopingasa ndi wapitawo, kudikira kuti ume kaye.

Kukhuthala koyenera kwa maglezi ambiri n'kochepera pang'ono milimita imodzi. Kandani ndi singano pa kaphale koyesera muone.

Pansi pa kapu ndipakenso?

Ayi. Galasi losungunuka limamata chilichonse chimene lachikhudza. Pansi ponse pakhale poyera, pamodzi ndi mamilimita atatu kapena asanu kukwera m'mbali, chifukwa glezi amatsikako pang'ono akasungunuka. Pukutani ndi siponji yonyowa, kapena pakanitu phula musanaviike. Kandulo wosungunula amagwira ntchito, koma musungunulireni m'chitini chokhazika m'madzi otentha, osati pamoto mwachindunji, chifukwa amayaka. Phula likadonthera pamalo olakwika silichoka ndi madzi, chiwiyacho chimayenera kubwerera ku moto woyamba.

Mashelefu a m'ng'anjo apakeni kaolin wosakaniza ndi alumina kuti dontho likagwa lichoke mosavuta. Ziwiya zisagundane.

Kodi sitingapange glezi wathu ndi zinthu za konkuno?

Tingathe, ndipo ndimalakalaka oumba ambiri atayamba kuyesa, chifukwa ufa wogula umadutsa malire ndipo mtengo wake umakwera kwacha ikagwa. Dziko lathu lili ndi zofunikazo. M'madambo a ku Mchinji muli mchenga woyera wa silica womwe akatswiri a za miyala anaupeza kuti ndi woyenera kupangira galasi. Kuno ku Kasungu kuli mwala wa laimu, womwe fakitale ya simenti ya Shayona imagwiritsa ntchito. Ku Linthipe m'boma la Dedza kuli dongo loyera loumbira ziwiya za moto waukulu, ndipo amene anafikako ku Dedza Pottery anaona okha kuti mbale zaglezi zolimba zimatheka m'Malawi muno.

Muyeso wakale wodziwika kwa oumba a m'mayiko ambiri, wa moto wa cone 10, ndi uwu: magawo 40 a feldspar, 30 a silica, 20 a mwala wa laimu wopera, 10 a kaolin. Zonse poyeza kulemera, osati ndi kapu.

Vuto lili pa kupera. Mchenga wa kudambo, ngakhale uoneke wosalala m'manja, ndi waukulu kwambiri kwa glezi. Umafunika kuperedwa mpaka ukhale wosamveka pakati pa zala, ndipo mtondo sungafike pamenepo. Pamafunika chigayo cha mgolo wozungulira wokhala ndi miyala yolimba m'kati, chopera ndi madzi kwa maola ambiri. Gulu la oumba litasonkherana lingathe kukhala nacho chimodzi. Samalaninso ndi laimu: wopaka nyumba uja ndi wootcha kale, si amene akufunika pano. Woyandikira ndi laimu wa m'munda, amene ndi mwala wongopera, ngakhale wina amakhala ndi magnesium wambiri ndipo amasintha maonekedwe.

Yambani ndi magalamu 100 okha. Umbani timapale toyesera toima chilili, tokhala ndi mizere yokanda, tolembedwa nambala kunsi. Chilichonse chatsopano chiyambe chadutsa pa kaphale chisanafike pa katundu wogulitsa.

Nanga phulusa? Tamva kuti limapanga glezi.

Zoona, ndipo kwa ife ndilo losavuta kupeza. Oumba a ku China anazindikira kalekale kuti phulusa louluka m'ng'anjo likatera pa mbiya yotentha kwambiri limasungunuka n'kusanduka galasi. Phulusa la mitengo lili ndi calcium wambiri, la udzu, mapesi ndi mankhusu a mpunga lili ndi silica wambiri. Poyambira pabwino ndi magawo 40 a phulusa la nkhuni, 40 a feldspar, 20 a dongo. Limafuna moto waukulu, kuyambira madigiri 1,250, ndipo limapereka mitundu yofatsa: yobiriwira motuwa, yachikasu, yofiirira, yokhala ndi timizere toyenderera.

Musadule mtengo chifukwa cha phulusa, mitengo yachepa kale m'boma lino. Pemphani la m'mabalani ootchera fodya, la ophika buledi, la m'makhitchini a sukulu. Sonkhanitsani lambiri nthawi imodzi n'kulisakaniza, chifukwa phulusa la mtengo wina limasiyana ndi la wina, ndipo mulu ukatha muyenera kuyesanso. Pewani la mapolo othiridwa mankhwala, la matabwa opaka penti ndi la kudzala kumene amaotcha mapulasitiki.

Linyikeni m'madzi, muchotse makala oyandama, lidikhe, mutaye madzi a pamwamba, mubwereze kangapo, kenako liumitseni n'kusefa. Madzi oyambawo ndi chidulo chenicheni, koma chaukali kuposa cha thelere. Amaterera m'manja chifukwa akudya khungu. Valani magolovesi, tetezani maso.

Wina anandiuza kuti za m'kati mwa batire la galimoto zimapanga glezi wowala pa moto wochepa. N'zoona?

N'zoona kuti zimawala, ndipo n'chifukwa chake ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musayerekeze. Chimene chili m'batire ndi mtovu. Mtovu umasungunula galasi pa moto wochepa n'kulipatsa kunyezimira kokopa, koma sukhazikika m'menemo. Chakudya chilichonse chowawasa chimautulutsa: thobwa logona, tomato wa mu ndiwo, madzi a mandimu, malambe, bwemba. Ulibe fungo, sumveka kukoma, ndipo umaunjikana m'thupi pang'onopang'ono.

Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Umawononga ubongo wa mwana, ndipo kuwonongekako sikubwerera. Mayi woyembekezera amaupatsira mwana ali m'mimba. Kwa akulu umakweza magazi n'kuwononga impso. Woyamba kudwala ndi woumba mwini ndi ana ake, amene amapuma fumbi ndi utsi wake pakhomo. Kenako ndi mwana wa munthu amene wagula kapuyo ku msika wa Santhe kapena wa Kamwendo, amene sadziwa chilichonse.

Ngakhale ufa wogula m'sitolo, werengani pathumba. Ngati sipanalembedwe kuti mulibe mtovu, funsani pepala la zimene zili m'katimo. Ufa wopanda dzina, woperekedwa m'jumbo, usafike pa chiwiya chodyera. Amene akufuna kuwala pa moto wochepa agule frit wa borax.

Mitundu imachokera kuti?

Ku zitsulo zopera, zothira pang'ono kwambiri. Pa magalamu 100 a ufa: iron oxide, yemwe ndi dzimbiri loyeretsedwa, magalamu 2 amapereka mtundu wa uchi, 8 mpaka 10 wofiirira wakuda. Cobalt ndi wamphamvu zedi, theka la galamu limakwana kupereka buluu. Kopa magalamu 2 kapena 3 amapereka wobiriwira m'ng'anjo yamagetsi, koma m'ng'anjo yankhuni kapena yagasi yochepetsedwa mpweya kopa yemweyo atha kufiira. Kuti glezi ayere osaonetsa dongo, amathira zircon pafupifupi magalamu 10.

Dothi lathu la katondo, losefa bwino, ndi gwero la chitsulo laulere. M'kati mwa makapu ndi mbale ine ndimalangiza glezi woyera kapena woonekera, mitundu ya kopa ndi ya chitsulo china chotchedwa manganese ikhale kunja.

Zatuluka m'ng'anjo zili ndi zilema. Chalakwika n'chiyani?

Zimatengera chilemacho. Ngati glezi wadzikundika m'timibulu n'kusiya dongo pambalambanda, panali fumbi kapena mafuta, kapena munapaka mokhuthala mpaka anang'aluka pouma. Ming'alu ya pa glezi wouma itikiteni ndi chala chouma musanalowetse m'ng'anjo, ndipo musaotche chiwiya chikadali chonyowa.

Timabowo ting'onoting'ono timabwera ndi mpweya wotuluka m'dongo. Kwezani pang'ono moto woyamba n'kuuchedwetsa, ndipo pa moto wachiwiri mukafika pamwamba khalanipo mphindi 15 kapena 20 kuti timabowo titsekeke. Magetsi akazima pakati pa ntchito, musatsegule. Akabwera pitirizani, cone ndiye adzakuuzeni ngati zapsa.

Timing'alu tambirimbiri ta m'galasi, tija timalira kuti "ting'" kapu ikamazizira, timasonyeza kuti glezi akukhwinyata kwambiri kuposa dongo. Kutsegula ng'anjo msanga kumafulumizitsa, choncho dikirani mpaka muthe kugwira chiwiya ndi manja. Koma gwero lake ndi kusagwirizana kwa glezi ndi dongo. Yesani kuwonjezera silica magalamu 3 mpaka 5 pa 100, kapena sinthani glezi. Pa dongo lofiira lomwa madzi, timing'aluti timalowetsa msuzi ndi mafuta, mbale n'kuyamba kununkha.

Choopsa kwambiri ndi glezi wosupuka m'mphepete mwa mlomo, wotuluka tizidutswa takuthwa. Apa dongo ndilo lakhwinyata koposa. Chiwiya chotere musagulitse, munthu atha kumeza galasi.

Ndingadziwe bwanji kuti mbale yanga ndi yoyenera kudyera?

Kunyumba mungayese motere: ikani kachidutswa ka ndimu pa glezi usiku wonse, kapena thirani viniga kufika theka la kapu agone masiku awiri. Mukatsuka n'kupeza mtundu wafwifwa kapena kuwala kwachepa, glezi ameneyo akusungunuka ndi zowawasa, ndipo ndi wa miphika ya maluwa basi. Koma kupambana mayeso amenewa sikutsimikiza kuti mulibe poizoni. Amene akufuna kugulitsa ziwiya zodyera zambiri, kumahotela kapena m'masitolo a ku Lilongwe, akafunse ku Malawi Bureau of Standards za kayezedwe koyenera.

Fumbi lake ndi loopsadi? Timapeta chimanga tsiku ndi tsiku osadwala.

Fumbi la silica ndi lina. Tizidutswa take tosaoneka ndi maso timalowa mpaka pansi pa mapapo ndipo sitituluka. Patapita zaka timayambitsa silicosis, matenda omwe anavutitsa abambo ambiri amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni. Alibe mankhwala ochiza, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu.

Kansalu kapena mpango kumphuno sizikwanira. Gulani masiki ya N95 kapena FFP2 yogwira bwino nkhope. Sakanizirani panja, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Mogwirira ntchito musasese ndi tsache, kolopani ndi madzi. Musadyere pamenepo, ndipo amayi musasakanize ufa mwana ali kumbuyo. Zovala zogwirira ntchito zichapidwe pazokha.

Glezi wotsala amakhala nthawi yaitali bwanji, nanga madzi otsukira tizitaya kuti?

Ufa wouma suonongeka bola usanyowe. M'dzinja uikeni m'zidebe zotseka, pa thandala, osati pa simenti. Wosungunula kale amakhala miyezi yambiri m'ndowa yovindikira. Wokhala ndi CMC amatha kununkha pakatentha, koma amagwirabe ntchito. Lembani dzina, cone ndi nambala ya sikelo pa ndowa yeniyeniyo, osati pa chivindikiro chokha, chifukwa zivindikiro zimasinthana.

Maburashi, masefa ndi manja muzitsukira m'ndowa imodzi yapadera. Nsenga zikadikha, madzi oyera a pamwamba mutha kutsukiranso. Nsengazo musakazitaye kudimba, pafupi ndi chitsime kapena pomwe nkhuku ndi mbuzi zimamwa. Zikachuluka zisefeni, muyese pa kaphale: kawirikawiri zimatuluka zofiirira kapena zobiriwira modera, zokwanira kupaka miphika ya maluwa. Zikakana, ziumitseni, muziike m'mbale yosweka, muziotche pamodzi ndi katundu wina kuti zisanduke galasi lolimba musanazikwirire.